Za kadi yako ya sikelo ija, ndi zina zomwe zikundidya mutu

Mufakose, Harare

Mnzanga,

Uli bwanji kaya ndi kuzizira kwa ku Leeds uko? Ife kuno tilipo, magetsi akuzimabe mwa nthawi zonse, ana ali bho. Amama ako ndinakumana nawo ku tchalitchi Lamulungu, akuti uziwaimbira foni yeniyeni osati ma voice note ataliatali aja poti iwo sadziwa potsegula pake kkkk.

Nde za kadi yako ya sikelo unandituma ija. Tinaipeza, inali mu sutikesi ya amama ako pansi pa zitenje, yopindidwa m'kapulasitiki ka shuga, m'makona monse mphemvu zinadyamo kale koma zolemba zikuoneka. Ndakujambulira, uona pa WhatsApp. Koma ndikuuziretu, a occupational health akowo, oona za umoyo wa ogwira ntchito pa chipatala chakocho, sikuti akaiona akhutira ayi. Pali BCG wa TB uja, pali polio, pali DPT wa diphtheria, chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata, ndi chikuku kamodzi kokha uli ndi miyezi 9. Basi. Hepatitis B, matenda a chiwindi aja, palibe, rubella, yofananako ndi chikuku ija, palibe, ndipo si kuti amama ako ankajomba ku sikelo, madeti onse ali mu mzere bwinobwino. Nthawi imene tinabadwa ife akatemera amenewo kunalibe pa ndandanda wa ana. Kumudzi ku Malawi wa hepatitis B anamulowetsa m'katemera wa ana mu 2002, ndipo kuno rubella anamuphatikiza ndi wa chikuku mu 2015, apo ife tili kale ndi yunifomu tikubaya ana a eni ake. Ndiye ife a zaka za m'ma 80 tinangodutsa pakati.

Usakwiye nawo anthuwo akamakuuza kuti sulowa mu wodi mpaka atakutenga magazi. Ine ndinaseka utandilembera kuti akukuvutitsa, chifukwa chimene ukuchitcha kuvutitsacho ndi chimene ine ndakhala ndikulira kuti bwenzi chikuchitika kuno. Tangoganiza, zaka zonse tinagwira limodzi zija, alipo anakufunsapo kuti sisita, inu chikuku munadwalapo? Katsabola bwanji? Hepatitis B munamaliza onse atatu? Ine sindinafunsidwepo. Amafunsa satifiketi ya ku khonsolo ya anamwino ndi ID, za m'magazi mwako ndi zako.

Chandipangitsa kulemba kalata yaitali chonchi ndi zomwe zinachitika ku wodi kwathu mwezi wathawu. Kuli mayi wina wokolopa, ma general hand aja, munthu wamkulu ndithu, makolo ake anachokera ku Dedza nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland nde tikakhala pa naiti timacheza Chichewa mpaka anzathu a Chishona amatiseka. M'mawa wina akumanga thumba la zinyalala, anangoti alikumbatire kuti alinyamule, singano inatulukira m'mbali n'kuwabaya pachikhatho, inaboola ndi golovesi yomwe. Wina anaiponya m'thumba m'malo mwa m'bokosi la masingano, mwina bokosilo linali lodzaza, mwina ulesi chabe. Mayiwo anangotsuka pampopi, kumanga ka bandeji, n'kupitiriza kukolopa. Ine ndinaona magazi atadontha pa chogwirira cha mopu nde ndinawafunsa, akuti aaa asisi ndi kabala kakang'ono, tinazolowera.

Tinathamanga nawo, ndipo za HIV zinayenda msanga, poti aliyense m'chipatala amadziwa kuti PEP, mankhwala oteteza kuti munthu asatenge kachilombo, iyambike pasanathe maola 72 ndipo amwe masiku 28. Apo palibe anazengereza. Koma nditafunsa kuti nanga hepatitis B, anthu anangoyang'anizana. Mayiwo sanabayidwepo olo kamodzi, dzina lenilenilo anali kulimva koyamba. Pomwe iwe ndi ine tinalemba mayeso pa zimenezi: ukabayidwa ndi singano ya munthu wa HIV, mwa anthu 1,000 amene amatenga ndi pafupifupi 3, koma ya munthu wa hepatitis B yemwe kachilombo kachuluka m'magazi, ukhoza kupeza mpaka 30 mwa anthu 100 atenga ngati sanatetezedwe. Kachilomboko n'kolimbanso moyo, magazi atauma pa tebulo kapena pa lumo kamakhalabe kamoyo sabata yathunthu. Nde ganiza amene amapukuta matebulowo ndi ndani, amene amachapa mashiti a ku leba wodi ndi ndani, onyamula mitembo, oyatsa zinyalala kuseri kuja. Tikamati ogwira ntchito zachipatala timangoganiza za madokotala ndi ife a zovala zoyera, koma amene manja awo amalowa m'zinyalala daily ndi amene sawerengedwa n'komwe. Mayiwo anayamba katemera tsiku lomwelo, tinachita kusonkherana kuti akagule ku famase. Jakisoni wina uja wa HBIG, wa asilikali a m'thupi okonzeratu amene amafunika msanga makamaka pasanathe maola 24, ndi wodula ndipo sapezeka wamba, iwo sanaupeze. Pano tikudikira kuyezanso.

Za hepatitis B yi ndikufuna umvetse bwino chifukwa ndikudziwa unabayitsa kamodzi tili ku sukulu ya unamwino, mwina kawiri, kenako katemera anatha ndipo tinaiwala tonse. Amafunika atatu: loyamba, lachiwiri pakatha mwezi, lachitatu pa miyezi 6. Ukamaliza, pakapita mwezi umodzi kapena iwiri uyezetse anti-HBs, kuchuluka kwa asilikali olimbana ndi hepatitis B m'magazi, ikafika 10 kupita m'mwamba ndiye kuti thupi lamva. Uko ku UK amakonda kuti ipitirire 100, ikakhala pakati pa 10 ndi 100 amakuwonjezera jakisoni mmodzi, nde usadabwe akakuitananso. Komanso ikatuluka yotsika usayambe kulira kuti zonse zinapita pachabe, pakapita zaka asilikali aja amachepa m'magazi koma thupi limakumbukirabe, amakubaya kamodzi n'kuyezanso ndipo ambiri imakwera msangamsanga. Alipo ena ochepa, mwina 5 mpaka 10 mwa 100, omwe olo amalize atatu thupi silimva. Amenewo amabwereza atatu ena, ndipo zikakanikabe amayezedwa HBsAg, yoona ngati kachilomboko kali m'magazi, chifukwa pena chimene thupi silikumvera n'chakuti kachilomboko kalimo kale kuyambira ukhanda.

Apa mpamene anzathu ambiri amathawira kuyezetsa, ndipo ine sindiwaseka. Munthu amaopa kuti akandipeza nako ntchito ithera pompo, kapena nkhani ifika pa tiyi mawa lake, ukudziwa m'mene zipatala zathu zimasungira chinsinsi cha ogwira ntchito, wa ku labu ndi mlamu wake wa wa ku famase. Koma matendawa ndi achinsinsi kale pa okha. Mwana akatengera kwa mayi ake pobadwa, 9 mwa 10 amakhala nako moyo wonse, akuyenda bwinobwino opanda chikasu opanda chilichonse, chiwindi chikuonongeka pang'onopang'ono, kudzadziwika mimba itatupa ali ndi zaka 40 nde kumudzi amati anamudyetsa. A WHO akuti mu 2022 anthu okwana 254 miliyoni pa dziko lonse anali nako, ndipo Africa ndi imodzi mwa zigawo zomwe kachuluka kwambiri. M'gulu limenelo anamwino tilimo, palibe chotipatula. Pomwe mankhwala alipo, tenofovir yemwe uja timapereka tsiku lililonse ku ma ARV amagwiranso pa hepatitis B. Safunsa anadya phula mnzanga, ine ndinakayezetsa ndekha ku labu ya pulaiveti ndi madola anga, zinandiwawa m'thumba koma pano ndimagona tulo.

Chikuku nacho usachitenge ngati matenda a ana okha. Unali utapita kale pamene chinabuka mu 2022, chinayambira ku Mutasa ku Manicaland mu April, pofika chakumapeto kwa chaka ana opitirira 700 anali atamwalira, ambiri osabayidwa, ochokera m'mabanja a mapositori omwe salola za chipatala. Tonse tinkaloza chala mapositoriwo, ndipo n'zoona vuto linakulira kumeneko, koma ine ndinkayang'ana anzanga pa OPD, pofikira odwala osagonekedwa paja, n'kumadzifunsa kuti nanga ifeyo ndani akudziwa kuti ndi wotetezedwa. Jakisoni mmodzi wa pa miyezi 9 amagwira mwa ana pafupifupi 85 pa 100, awiri ndi amene amafikitsa cha m'ma 97. Ife tinalandira mmodzi. Ndipo chikuku sichifuna kuti ugwire wodwala, mwana akatsokomola pa benchi n'kutuluka, kachilombo kamatsala mu mpweya mpaka maola awiri, mwa anthu 10 osatetezedwa 9 amatenga. Choipitsitsa munthu amayamba kupatsira ena masiku 4 zidzolo zisanatuluke, nde namwino amene akungoona ngati ndi chimfine amalowa nacho mu wodi ya ana onyentchera, ya makanda osafika miyezi 9, ya odwala khansa. Ineyo chimene chimandiopsa kwambiri n'chimenecho, kuti mwana abwere ndi malungo n'kubwerera kwawo ndi chikuku chochokera kwa ine. Kumudzi nako ukukumbuka 2010, odwala anapitirira 100,000 ndipo akuluakulu analimo.

Rubella ndi yofatsa pa munthu wamkulu, katupa pang'ono, tizidzolo, yatha. Koma tawerenga anamwino apakati omwe ali mu wodi iliyonse, ndi amayi a ku antenatal omwe timawagwira mimba tsiku lonse. Ikamugwira mayi miyezi itatu yoyambirira mwana akhoza kubadwa wosamva, wa ng'ala m'maso kapena wa vuto la mtima. Iweyo poti unandinong'oneza kuti mukufuna wachiwiri ndi abambo akwanuwo, MMR, katemera wa chikuku, mumps ndi rubella, akakubaya dikira mwezi usanatenge pakati, ndipo ngati zachitika kale uwauze asakubaye, katemera ameneyu ndi wa kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Katsabola ndiye amama ako akuti unadwala uli giredi 2, akukumbuka poti munagona nonse atatu ndi azichemwali ako mutapakidwa kalamaini ngati zinyau. Uwauze zimenezo, koma mwina adzafunabe magazi chifukwa ife okulira m'mayiko otentha ambiri timafika ukulu tisanadwale, ndipo akakugwira uli wamkulu amatha kulowa m'mapapo.

Kafumbata sindinena zambiri, tinabayidwa tili ndi pakati. Anzathu aamuna aja ndi amene kuyambira ali khanda sanaonenso jakisoni wake. BCG nayo chipsera chili paphewacho chisakunamize, imateteza ana ku TB yoopsa ija ya m'mutu koma munthu wamkulu mu wodi ya TB chimamuteteza ndi masiki ya N95 ndi mawindo otsegula.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zikafunika zimatheka. Mu February 2021 katemera wa COVID wa Sinopharm atafika anayambira pa chipatala cha Wilkins pompa, a Chiwenga, wachiwiri kwa pulezidenti yemwe analinso nduna ya zaumoyo nthawiyo, kubayidwa koyamba pamaso pa makamera, ndipo oyamba pa mzere tinali ife azachipatala, okolopa ndi alonda omwe, mayina kulembedwa, makadi kuperekedwa, wojomba kutsatiridwa. Mu 2019 katemera watsopano wa typhoid anafika ku Mbare, Glen View, Budiriro ndi madera ena a mu Harare muno, anthu opitirira 300,000 anabayidwa m'masiku ochepa, oyenda ndi ma cooler box m'misewu tinali ife tomwe. Nde kuwerenga ogwira ntchito a chipatala chimodzi, kulemba kuti uyu anabayidwa chakuti uyu ayi, chingakanike chani? Ndi kabuku kamodzi basi. Ine ndayamba kanga ku wodi kwathu, hadikava ya ana asukulu, ndikulemba aliyense kuyambira sisita in charge mpaka wotsuka ma bedpan, za katemera zokha osati zotsatira za magazi, zimenezo ndi za mwini. Ena akuti ndikudzipatsa ntchito yopanda malipiro, ena akubwera okha kudzafunsa kuti wachiwiri ndibaye liti. Ma student ndi amene ndikuwakakamira kwambiri, chifukwa amene amabayidwa ndi singano kawirikawiri ndi iwowo, manja akunjenjemera, akubwezera kachivindikiro pa singano pomwe tinawauza kuti osatero.

Nde ndikupemphe chinthu. Mng'ono wako uja wayamba unamwino ku Blantyre, umufunse ngati anamaliza atatu a hepatitis B asanayambe kulowa m'mawodi, iye anabadwa 2002 isanafike. Ngati sanabayidwe ndalama ukutumiza mwezi uno upatuleko ya zimenezo, foni yatsopano idikire kaye. Achimwene ako a ku mochale aja ndiwauza ndekha ndikakumana nawo, koma paja amamvera iwe kuposa ine nde nawenso uwaimbire.

Zotsatira zako zikatuluka unditumizire chithunzi ndione, osangoti zili bho. Ufa wa mgaiwa ndi usipa zija ndapatsira mayi wa ku Highfield amene akubwera kumeneko kumapeto a mwezi, nambala yake ndikupatsa pa foni. Moni kwa alamu ndi kamwana.

Ndine mnzako wa pa naiti uja.