Akalulu akutchire: mpanda m'malo mwa matenda

Akonzi,

Chiyambire 1950, dziko la Australia lakhala likufalitsa matenda dala pofuna kuchepetsa akalulu akutchire. Nthenda imodzi yotere, yotchedwa myxomatosis, imamutupitsa kalulu zikope mpaka osaonanso, ndipo amazunzika masiku khumi kapena kuposerapo asanafe. Opulumukawo amaswa ana opirira matendawo, vuto n'kubwerera.

Mpanda umateteza munda popanda nkhanza zoterezi. Mabowo a waya asapitirire mamilimita 31, apo ayi tiana timadutsa. Utalike masentimita 90, ndipo m'munsi mupinde masentimita 15 kuloza kunja n'kuukhomerera ndi zikhomo. Kalulu amakumba patsinde penipeni pa mpanda, ndiye amangogunda wayayo n'kugwa ulesi.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pansi pa geti: tsekanipo ndi simenti. Milu ya nthambi yomwe amabisalamo ichotsedwenso.

Ife,
Owerenga anu