Lipoti la ulendo wa ku Surajkund kwa gulu lathu la oluka ndi osema

A Tcheyamani, akomiti, ndi inu nonse anzanga,

Munandituma ku India kukaimira gulu lathu pa chionetsero cha Surajkund komanso pa zokambirana za magulu a luso la manja zimene zinachitika nthawi yomweyo. Ndayenda bwino. Malisiti onse ali kwa msungichuma, ndipo amene mumalemba pa WhatsApp kuti ndapita kukadya alawansi mukhoza kukawaona. Mudziwenso kuti ndalamayo inandipeza ndili kale ku Delhi, moti poyambirira ndinkadya za m'thumba mwanga.

Chionetserochi chimachitika mu February ku Faridabad, m'chigawo cha Haryana, ndipo chinayamba mu 1987. Tsiku lotsegulira kunali malankhulidwe a akuluakulu. Gawo la misonkho ndi mapepala otumizira katundu kunja linali lalitali. Timabuku take ndabwera nato.

Chimene ndikufuna mumve bwino ndi cha bambo wina wa ku Kutch, m'chigawo cha Gujarat, komwe kunachokera makolo a Amwenye ambiri amene tili nawo ku Limbe. Bamboyu amadinda nsalu yotchedwa Ajrakh. Chidindo chake ndi chamtengo, chosemedwa ndi manja, ndipo osema athu atachiona sangachite nacho mantha. Amachinyika mu utoto, n'kuchikhazika pansalu, n'kuchimenya kamodzi ndi nkhonya, kenako n'kusuntha. Mzere sukhota. Akatembenuza nsaluyo amadindanso kuseri, maluwa ake n'kugwera pomwepo. Zala zake ndi zobiriwira mpaka m'zikhadabo chifukwa cha utoto wa indigo. Nsalu imodzi imanyikidwa ndi kuchapidwa kopitirira kakhumi isanapite pamsika.

Anthu amenewa chivomezi cha 2001 chinawagwetsera mudzi wawo wa Dhamadka. Ambiri anasamuka n'kukamanga mudzi watsopano pafupi ndi Bhuj, n'kuutcha Ajrakhpur, dzina la nsalu yawoyo. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mwana wake wa bamboyu. Mnyamata wa jinzi, foni m'manja, akujambula nsalu, kuyankha makasitomala, kulandira ndalama pafoni pomwepo. Ogula atachepa anakwinya malaya n'kutenga chidindo, ndipo dzanja lake silinasiyane ndi la bambo ake. Ndinafunsa ngati amalipidwa. Anandiyang'ana modabwa, nati ali ndi gawo lake pansalu iliyonse.

Apa ndiye ndilankhule, ngakhale ena mukwiye. Anyamata amene anabwera kudzaphunzira kwa ife chaka chatha ali kuti? Tinkawatuma kukadula nsungwi ndi mlaza, kunyamula mipando kupita nayo kumsewu, osawapatsa ngakhale ya sopo, ati kuphunzira n'komweko. Lero onse ali pa kabaza. Ndiye tikakhala pamsonkhano timadandaula kuti ana a masiku ano safuna za makolo. Amazifuna, koma mimba siidya mwambo. Nkhaniyi ndinaibweretsa kale ndipo inakankhidwira ku "zina ndi zina", osakambidwanso.

Musaganize kuti ku India zonse zili bwino. Kalembera wa boma wa 2019 mpaka 2020 anapeza anthu oposa 3.5 miliyoni ogwira ntchito yoomba nsalu pamanja, ambiri mwa iwo amayi, koma oomba a ku Varanasi anadandaula kwambiri. Sari yawo ya silika, nsalu imene amavala amayi a ku India, imatenga masabata, pomwe mafakitale a ku Surat amakopera maluwa omwewo pamakina n'kugulitsa motchipa. Lamulo lilipo, la 1985, loti mitundu ina ya nsalu iziombedwa pamanja pokha. Mu 2009 sari ya ku Varanasiyi, yotchedwa Banarasi, inalembetsedwanso kuti dzinalo lisamagwiritsidwe ntchito ndi wina aliyense, monga anachitira ndi tiyi wa Darjeeling mu 2004. Komabe oombawo akuti wogula wamba sasiyanitsa, ndipo ana awo ambiri asiya. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mipando yathu yoluka. Ku Johannesburg imagulitsidwa ndi dzina la Malawi pamtengo umene woluka wake sanauonepo, ndipo palibe chosonyeza kuti analuka ndani.

Ndinaonanso zojambula za Madhubani za amayi a ku Bihar. Kale ankazijambula pakhoma paukwati. Chilala cha m'ma 1960 ndicho chinawachititsa kuyamba kujambula papepala kuti azigulitsa. Mayi wina anati pakhoma amajambulabe pamwambo, ndipo zimenezo sagulitsa. Malire amenewo ndinawakonda, ndipo osema zigoba m'gulu lathu awaganizire, chifukwa alendo akamafuna chigoba cha Gule Wamkulu si chilichonse choyenera kupita pa thebulo.

Pomaliza nthumwi zinagwirizana kuti gulu lililonse lilembe m'kaundula mapangidwe ake ndi mayina a amisiri, ndipo katundu aliyense azikhala ndi kachikwangwani kosonyeza wopanga ndi mudzi wake. Ichi ndinachivomera ndi manja awiri. Anagwirizananso zolimbikitsa kugulitsa pa intaneti. Pamenepa sindinakweze mkono. Foni ya gulu inagulidwa ndi zopereka zathu, koma ili m'nyumba ya munthu mmodzi ndipo makasitomala akaimba ena sitimva. Tikayamba za intaneti zinthu zili chonchi, phindu lidzathera komweko.

Ndikupempha a Tcheyamani kuti pamsonkhano ukubwerawu tiyambe ndi gawo la ophunzira pa mpando uliwonse wogulitsidwa, kenako za zikwangwani, zimene chitsanzo chake ndabwera nacho. Msungichuma abwerenso ndi buku, chifukwa ndalama ya malata a shedi tinasonkha mvula isanagwe, koma madengu akunyowabe.

Ine nthumwi yanu.