Lipoti la Msonkhano wa ku Highfield Wokambirana za Chikhulupiriro cha Akatolika

Kwa abusa, akulu ampingo, atumiki, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata a mpingo wathu wa CCAP kuno ku Harare,

Moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Munandituma kuti ndikakuimirireni ku msonkhano wa akhristu olankhula Chichewa a mipingo yosiyanasiyana, umene unachitika Loweruka lapitali ku Highfield. Ndabwerako bwino, ndipo ndikutula kwa inu zimene ndinamva ndi kuona.

Chinaitanitsa msonkhanowu ndi mikangano ya pa maliro ndi pa maukwati. Makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a Salisbury (Harare wa lero) anabwera ndi mipingo yawo, koma ana awo anakwatirana osayang'ana mpingo. Lero ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku n'kovuta kupeza banja la kwathu lopanda Mkatolika. Kunabwera wansembe mmodzi ndi katekisiti wake, amayi a Chikatolika atavala mayunifomu a mabungwe awo, a Anglican, a Baptist, a Seventh-day Adventist ndi a mipingo ya Pentekoste. Achinyamata obadwira konkuno ankafunsa m'Chishona, ife n'kumamasulira. Wapampando anaika lamulo limodzi limene linatithandiza tsiku lonse: aliyense afotokoze za mpingo wake, wina asamufotokozere.

Tinayamba ndi Baibulo, chifukwa mbale wina wa Pentekoste anati Aroma anawonjezera mabuku awoawo. Ndinaika Buku Lopatulika langa pa tebulo, katekisiti n'kuika pambali pake Buku Loyera lake, ndipo mnyamata wina anawerenga mndandanda wa mabuku akuloza ndi chala. Mwa ine anapezamo 66, mwa katekisiti 73. Owonjezekawo ndi Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, onse a m'Chipangano Chakale. Chipangano Chatsopano n'chimodzimodzi, mabuku 27. Wansembe anafotokoza kuti mabukuwa anali m'Chipangano Chakale cha Chigriki chimene akhristu oyamba ankawerenga, kuti Martin Luther anawapatula n'kuwaika paokha ngati abwino kuwerenga koma osafanana ndi Malembo, ndipo msonkhano wa Akatolika wa ku Trent unawatsimikiza mu 1546. Ife titsatabe mabuku a m'Baibulo la Chihebri, koma kunena kuti wina anachita kuwapeka n'kunama. Ndinakumbutsanso anthu kuti Buku Loyera la mu 1998 analimasulira pamodzi Akatolika ndi Apulotesitanti.

Pompo panatuluka nkhani ina imene ndakhala ndikuimva ngakhale m'makalasi athu, yoti Akatolika anafufuta lamulo lachiwiri loletsa mafano. Katekisiti anatsegula Eksodo 20 m'buku lake lomwelo, mawu onse alimo. Chosiyana ndi kawerengedwe. Iwo amatsata kagawidwe ka Augustine, kamene kamaphatikiza lamulo la mafano ndi loyamba n'kugawa pawiri la kusirira, ndipo a Lutheran amawerenganso motero. Izi sizikutanthauza kuti mtima wanga wakhazikika pa nkhani yogwada patsogolo pa chifanizo. Ndinawauza kuti kwa ife n'chinthu choopsa, chifukwa munthu wosaphunzitsidwa bwino sachedwa kuika mtima pa chimene maso ake akuona. Wansembe anavomera kuti ngozi imeneyo ilipo ndipo amaidzudzula akaiona.

Za Maria anayankha mayi wina wachikulire, osati wansembe. Anapisa dzanja m'thumba la yunifomu n'kutulutsa korona yake, mikanda itasalala ndi kugwiridwa, pena italumikizidwa ndi kawaya. Anati iye sapembedza Maria, amapembedza Mulungu yekha. Maria amangomupempha kuti amupempherere, monga momwe ife timapemphera amayi a Chigwirizano kuti atikumbukire m'mapemphero mwana akadwala. Anati theka loyamba la pemphero lawo la Tikuoneni Maria ndi mawu a mngelo ndi a Elizabeti a pa Luka 1, ndipo zimenezo n'zoona. Mbale wa Seventh-day anaimirira nati akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu. Apa ndinayenera kunena kuti ife sitiphunzitsa zimenezo, chifukwa timakhulupirira kuti mzimu wa wokhulupirira umapita kwa Khristu nthawi yomweyo. Chimene timakana ndi kupempha amene anatsogola, popeza 1 Timoteo 2:5 akuti woima pakati pa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha, ndipo Malembo satiuza paliponse kuti tizilankhula ndi oyera mtima amene anamwalira.

Ndinafunsa wansembe kuti ziphunzitso ziwiri zija, choti Maria anabadwa wopanda tchimo lachibadwa, chimene Papa Pius IX analengeza mu 1854, ndi choti anatengedwa kupita kumwamba ndi thupi lomwe, cha Papa Pius XII mu 1950, amazipeza pa vesi liti. Sanazembe. Anati Eklezia amatsamira pa Malembo pamodzi ndi mwambo umene analandira kwa atumwi, ndipo ali ndi udindo wotanthauzira zonse ziwiri. Abale anga, muzu wa kusiyana kwathu ndi umenewu. Ife timati Malembo okha ndiwo amaweruza mpingo. Nkhani ya Papa ikuchokeranso pomwepa. Chiphunzitso cha mu 1870 sichinena kuti Papa sachimwa, iyenso amakalapa kwa wansembe. Chimanena kuti salakwa akamalengeza mwa udindo wake, kwa Eklezia yense, nkhani ya chikhulupiriro kapena ya makhalidwe. Ife sitivomereza, koma tizikana chimene iwo amanenadi.

Pa za chipulumutso sitinachedwepo. Pa 31 Okutobala 1999 ku Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha zabwino zake. A Methodist analowamo mu 2006, ndipo bungwe la dziko lonse la mipingo ya Reformed ndi Presbyterian linalowamo mu 2017 ku Wittenberg. Ambiri mu holo muja, Akatolika omwe, anali asanamvepo.

Titadya nsima tinalowa m'nkhani imene inatisonkhanitsa. Bambo wina wa mpingo wathu wa mbali ina ya mzinda anasimba za maliro a mkazi wake, amene anali Mkatolika. Pa Misa ya maliro ana ake anaimirira kukalandira Ukaristia, iyenso n'kuima pa mzere. Wina anamugwira pa mkono n'kumunong'oneza kuti abwerere. Anabwerera anthu onse akuona, bokosi la mkazi wake lili pomwepo. Achibale ake anakwiya, ena sanafike n'kumanda komwe ku Mbudzi, ndipo mpaka lero mabanja awiriwo sayenderana. Akusimba, mu holo munali zii, ndipo ndinaona amayi a Chikatolika akupukuta misozi.

Wansembe anayamba ndi kupepesa chifukwa cha mmene zinachitikira. Anati munthu woferedwa anayenera kuuzidwa usiku wa pa siwa, osati pa mzere. Kenako anafotokoza lamulolo. Iwo amakhulupirira kuti pa Misa mkate ndi vinyo zimasandukadi thupi ndi magazi a Khristu, ndipo kulandira ndi kuvomera pagulu kuti uli pa umodzi wathunthu ndi Eklezia. Mkatolika amene ali ndi tchimo lalikulu salandira asanalape, ndipo aliyense amasala chakudya ola limodzi. Mkhristu wa mpingo ngati wathu angalandire pokhapokha ali pafupi kufa kapena pa vuto lina lalikulu, mbusa wake palibe, wapempha yekha, ndipo akukhulupirira za Ukaristia monga iwo. Lamulo lomwelo limaletsa Akatolika kudya Mgonero wathu. Choncho mpongozi wanu Mkatolika akakhala pansi tsiku la Mgonero, sakukunyozani, akumvera mpingo wake.

Ine ndinanena poyera kuti lamuloli limandipweteka. Gome ndi la Ambuye, ndipo munthu wobatizidwa, wokhulupirira, wolira mkazi wake, sindikuona chomubwezera. Koma ndinaonanso kuti sichipongwe. Ifenso tili ndi mwambo wa mpingo, ndipo woimitsidwa sitimulola ku gome.

Katekisiti ndiye anandiikira mwala pa mtima. Anafunsa mofatsa ngati timaphunzitsabe funso 80 la Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, limene limati Misa ndi kukana nsembe imodzi ya Khristu ndiponso kupembedza mafano kotembereredwa. Anati mwana wake anakwatiwa kwathu ndipo anamva mawu amenewa. Wansembe anawonjezera kuti iwo saphunzitsa kuti Khristu amaphedwanso pa Misa iliyonse. Amati nsembe ya pa mtanda ndi imodzi, yosabwerezedwa, ndipo Misa imaiika pamaso pa anthu. Ndinayankha kuti ife timaima pa Ahebri 10, pamene akuti Khristu anadzipereka kamodzi kokha, ndipo sititcha Mgonero nsembe yochotsa machimo. Koma sindinali ndi udindo woyankha za katekisma m'malo mwa sinodi. Nkhaniyi ndabwera nayo kwa inu, abusa. Mpingo wa Christian Reformed wa ku North America utakambirana ndi Akatolika, mu 2006 unagamula kuti mbali imeneyo ya yankholo sifotokoza molondola zimene Akatolika amaphunzitsa lero. Sindikunena kuti titengere, koma aphunzitsi a kalasi ayenera kudziwa chonena akafika pa funso limeneli pamene m'kalasimo muli mwana wa mayi Mkatolika.

Za Purigatorio zinatenthanso. Malinga ndi iwo, si mwayi wachiwiri wa munthu wokana Mulungu. Ndi kuyeretsedwa kwa amene apulumuka kale asanaone nkhope ya Mulungu, ndipo amatchula 2 Amakabeo 12, pamene Yudasi Makabeo anaperekera nsembe asilikali ake akufa. Ndiye chifukwa chake amachitira Misa omwalira, makamaka pa 2 Novembala. Ife bukulo sitiliwerengera m'Malembo, ndipo timagwira mawu a Yesu kwa chigawenga chija pa Luka 23:43, akuti tsiku lomwelo adzakhala naye m'Paradaiso. Mbale wina anati Akatolika amawombola akufa ndi ndalama. Wansembe anavomera kuti m'masiku a Luther malonda oterowo analipodi, ndipo Papa Pius V anawathetsa mu 1567. Anati chopereka cha Misa lero ndi mphatso, ndipo malamulo awo amalimbikitsa ansembe kuchitira Misa osauka ngakhale asanapereke kanthu. Pano sitinagwirizane, ndipo sindikuyembekeza kuti tidzagwirizana msanga. Tinangomvana kuti pa manda si pokanganirana. Mlaliki wathu akapatsidwa mpata pa maliro a Mkatolika atonthoze oferedwa ndi uthenga wa kuuka kwa akufa, asalase anthu amene akulira. Akatolika nawo anavomera kuti pa maliro athu azipempha nthawi yawo ya korona kwa eni mbumba m'malo modula nyimbo zathu pakati.

Ankhoswe amve ichi. Kuyambira mu 1970, pamene Papa Paul VI anasintha lamulo la maukwati osakanikirana, amene si Mkatolika sakakamizidwa kulonjeza kanthu za ana, ngakhalenso kusintha mpingo. Mkatolikayo ndiye amalonjeza kusunga chikhulupiriro chake ndi kuchita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mwa Chikatolika, ndipo mnzakeyo amangodziwitsidwa za lonjezolo. Pamafunika chilolezo cha episkopi, ndipo iye angalolenso kuti ukwati udalitsidwe m'tchalitchi mwathu. Lonjezolo si laling'ono, ndipo ana athu azilidziwa asanafike pa chinkhoswe. Safunsa anadya phula. Ubatizo wathu amauvomereza, popeza ndi wa madzi m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ndiye sabatizanso munthu wochokera kwathu. Pa ubatizo wa ana, ife, iwo ndi a Anglican tinapezeka mbali imodzi, a Baptist, a Seventh-day ndi a Pentekoste mbali inayo.

Pempho langa lalikulu kwa bwalo lino n'lakuti tisiye kunenera Akatolika zinthu zimene saphunzitsa. Lamulo loletsa umboni wonama limatetezanso mpingo wa mnzathu, ndipo ana athu akadzazindikira kuti tinawanamiza pa za Eksodo 20, adzakayika ngakhale zoona zimene tinawaphunzitsa. Zosiyana zenizeni zilipo zokwanira: ulamuliro wa Malembo, Papa, Misa, kupempha oyera ndi kupempherera akufa. Zimenezo tiziphunzitse mosabisa. Ndikupemphanso kuti pakagwa maliro m'banja losakanikirana, akulu awiri a dera limenelo azikumana ndi atsogoleri a mphakati wa Akatolika usiku woyamba, agwirizane za ndondomeko, ndipo oferedwa auzidwe za Ukaristia nthawi ikadalipo.

Msonkhano wotsatira apempha kuti uchitikire kwathu, ndipo oyankha tidzakhala ife. Akatolika atumiziratu mafunso awiri: chifukwa chiyani mipingo imene imati Malembo okha imagawikana chonchi, ndiponso timatanthauza chiyani tikamati Mulungu anasankhiratu opulumuka. Ndinawauza kuti tsiku ndidzawapatsa bwalo lino likakhala. Padzafunika holo, chakudya cha masana ndi wachinyamata womasulira m'Chishona, ndipo ndikupempha kuti abusa eni ake adzakhalepo, chifukwa funso lachiwirilo likufuna munthu amene analiphunzira ku sukulu ya ubusa.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mkulu wampingo amene munamutuma