Chilengezo cha M'bindikiro wa ku Nkopola

Ophunzira anzathu a m'kalasi,

Loweruka likudzali tidzakhala ndi m'bindikiro wa tsiku limodzi m'mbali mwa nyanja ku Nkopola, ndipo tidzalingalira mawu a pa Marko 6:31, pamene Yesu anauza ophunzira ake kuti apite kwa okha akapumule. Minibasi idzanyamuka pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi nthawi ya 7 koloko m'mawa. Ochedwa adzadziyendera okha, chifukwa ulendo wapita tinadikira anthu awiri mpaka dzuwa linatswa mtengo.

Aliyense apereke K10,000 ya mayendedwe ndi nkhomaliro pofika Lachinayi, ndipo adzabwere ndi Baibulo, kope, cholembera, madzi akumwa komanso mkeka kapena chitenje chokhalira pamchenga. Mafoni onse adzakhala ozimitsa nthawi ya mapemphero.

Yankhani pofika Lachitatu madzulo kuti tidziwe chiwerengero cha opita tisanalankhule ndi mwini minibasi.