Lipoti la nthumwi: kalereredwe ka tiagalu m'miyezi yoyambirira

A tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la oweta agalu kwa Santhe, nali lipoti la msonkhano umene munatituma pa boma la Kasungu, kumene alangizi a za ziweto anakumana ndi oweta a m'madera osiyanasiyana. Mfundo yaikulu imene tabwera nayo ndi yakuti khalidwe la galu limaumbika kuyambira masabata 3 mpaka pafupifupi 12 chibadwire. Chimene kagalu kachizolowera panthawiyi sikadzachiopa, koma chimene sikanakumane nacho kadzachithawa kapena kuchiluma.

Mtsutso unakula pa chizolowezi chotsekera kagalu m'khola lamdima, kuletsa ana kukagwira, ena mpaka kuthira tsabola m'chakudya kuti kadzakhale kolusa. Alangizi anakana kwamtuwagalu, ndipo ife tikugwirizana nawo. Woleredwa chonchi amakula ndi mantha, ndipo galu wamantha sasiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzapala moto. Mlonda wabwino ndi amene akudziwa zonse za pakhomo, kuti aziuwa pokhapokha pachitika chachilendo.

Tiagalu timatsegula maso pakati pa masiku 10 ndi 14. Tisanafike pamenepo ntchito ndi yochepa: kunyamula kamodzikamodzi kwa mphindi imodzi patsiku, n'kukabwezera kwa make. Tikayamba kuyenda, cha pa masabata 3 kapena 4, yalani zinthu zosiyana zoti tizipondapo: chiguduli, mphasa, mchenga, udzu wouma, simenti, tayala logoneka. Muzigwira makutu, mapazi ndi kukamwa tsiku lililonse, chifukwa ndi momwe mudzagwire pochotsa nkhupakupa ndi pobayitsa katemera. Tisachoke kwa make tisanakwane masabata 8. Posewera, kena kakaluma kwambiri kanzake kamalira n'kusiya masewerawo, ndiye kolumako kamaphunzira kuchepetsa mano. Kogulitsidwa pa masabata 5 sikaphunzira zimenezi, n'chifukwa chake kamadzang'amba manja a ana.

Zozolowetsa zili pakhomo pomwepa: abambo ovala chipewa, amayi osenza ndowa, agogo a ndodo, wa kabaza, ngolo, njinga yamoto, chigayo, mvula pa malata. Chilichonse chiyambire patali. Imani pamene kagalu kakuchiona chinthucho koma kakulandirabe chakudya, kapatseni kachidutswa ka usipa, mawa musendere pang'ono. Kakapinda mchira, kugonetsa makutu, kunyambita milomo kapena kukana usipa, mwayandikira msanga, bwererani. Osakakokera pa chimene kakuopa, makamaka pakati pa masabata 8 ndi 11, pamene kudzidzimuka kumodzi kumatha kukhalitsa. Ana azikhala pansi, kagalu kabwere kokha, wamkulu ali pomwepo.

Za nkhuku ndi mbuzi tinazifunsa mwapadera poti ndi zimene zimatidanitsa ndi anzathu m'mudzi. Kagalu kakhale pa chingwe, nkhuku zili poteropo. Kakaziyang'ana n'kucheukira kwa inu, kapatseni chakudya nthawi yomweyo. Musakalole kuthamangitsa ngakhale kamodzi, pakuti kuthamangitsako n'kokoma kale kwa galu, ndipo kukamenya pambuyo pake kumangokaphunzitsa kukuopani inuyo.

Vuto ndi lakuti nthawi yozolowetsayi imakwana katemera asanathe. Parvo, matenda osanza ndi kutsegula m'mimba magazi, amakhala m'dothi miyezi yambiri. Choncho kumsika ndi pamsewu kagalu kazipita konyamulidwa, kasaponde pansi, ndipo kazisewera ndi agalu obayitsa okhaokha. Katemera wa parvo ndi distemper (matenda a chifuwa, manthongo ndi kunjenjemera) amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa masabata 3 kapena 4 aliwonse kufikira 16. Wa chiwewe ndi pa miyezi 3. Mankhwala a njoka za m'mimba amayamba pa masabata 2, kubwereza masabata 2 aliwonse mpaka 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6.

Masewera amene anatisangalatsa kwambiri ndi a mphuno, ndipo safuna ndalama. Tapani pang'ono pa chakudya cha tsikulo, mwazani pa udzu waufupi, kagalu kafufuze. Poyamba kaziona pamene mwaponya, kenako bisani pansi pa mbale kapena m'chiguduli chopinda. Botolo lapulasitiki la 500 ml nalonso limathandiza: chotsani chitsekerero ndi kamkombero kake, boolani mabowo 3 kapena 4 oti chala chilowe, ikanimo tizidutswa touma. Mabowo akachepa kagalu kamagwa ulesi n'kuyamba kutafuna botolo, ndiye lichotseni likangoyamba kung'ambika. Chitenje chakale chochiluka ngati chingwe n'chabwino kukokerana, bola muzikoka chammbali pang'onopang'ono, osatukula kagalu m'mwamba.

Mano amasintha kuyambira cha pa miyezi 4 mpaka 6 kapena 7, ndipo apa kagalu kamatafuna chilichonse. Kakagwira nsapato, sinthanitsani ndi chitenje choluka chija. Zitsononkho zimatseka matumbo, mafupa ankhuku ophika amasweka n'kubaya, ndipo masamba a fodya ndi poizoni kwa galu, kotero kuchigafa kasafikeko. Chimodzimodzi kumene mwathira mankhwala a makoswe.

Zonsezi zisapitirire muyezo. Kuphunzitsa dzina, kubwera ndi kukhala pansi kukhale mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu patsiku. Kagalu kamagona maola pafupifupi 18, ndipo kosagona mokwanira ndi komwe kamalumaluma madzulo. Kazizoloweranso kutsala kokha mphindi zochepa, kali ndi chotafuna, nthawiyo izionjezeka pang'onopang'ono.

Tikupempha komiti ikambirane zinthu ziwiri pa msonkhano ukubwerawu. Choyamba, pakhale lamulo lakuti membala asagulitse kagalu kosakwana masabata 8, ndipo wogula azilandira pepala losonyeza masiku a katemera ndi mankhwala a njoka. Chachiwiri, alembi alembe maina a onse amene ali ndi tiagalu, kuti tiitane alangizi a za ziweto adzabaye pamodzi lisanafike tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, pa 28 September.