Kalata kwa achimwene: momwe masukulu a kumidzi ku New York amagawanirana aphunzitsi

Achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Munafunsa kuti masukulu ang'onoang'ono a kumidzi ku America amatha bwanji kupeza akatswiri amene ndi okwera mtengo kuwalemba ntchito. Ndiyankha ndi dongosolo la ku New York, poti ndi lakale ndipo malamulo ake ndi omveka.

Choyamba dziwani kuti kuno masukulu a boma sayendetsedwa ndi unduna umodzi. Boma la New York (state yonse, osati mzinda wokha) lili ndi zigawo za masukulu pafupifupi 700, pafupifupi chilichonse chili ndi bodi yake yosankhidwa ndi anthu, ndipo ndalama zambiri zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, zina n'kuchokera ku boma. Ku mapiri a Adirondack kuli zigawo zimene ana onse, kuyambira ku mkaka mpaka kalasi yomaliza ya sekondale, safika 200. Koma lamulo la dziko lonse la m'chaka cha 1975, limene lero limatchedwa IDEA, silisiyanitsa chigawo chachikulu ndi chaching'ono. Mwana aliyense wolumala ayenera kulandira thandizo limene linalembedwa m'chikalata chake cha maphunziro, chija amachitcha IEP. Ngati chikalatacho chikuti mwanayo aziphunzitsidwa kulankhula kawiri pa sabata, chigawo chiyenera kupeza katswiri, ngakhale mwanayo atakhala mmodzi yekha.

Apa ndi pamene pamabwera BOCES, kutanthauza Board of Cooperative Educational Services, bungwe limene zigawo zoyandikana zimagwiritsa ntchito pogawana akatswiri ndi ntchito zina. Mabungwe amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1948, ndipo lero alipo 37. Mizinda ikuluikulu isanu, New York City, Buffalo, Rochester, Syracuse ndi Yonkers, si mamembala. BOCES ilibe mphamvu yotolera msonkho. Imadalira ndalama zimene zigawo zimalipira pogula ntchito kwa iyo, ndipo mamembala a bodi yake amasankhidwa ndi mabodi a zigawo zomwezo. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa ndi imene imapangitsa kuti bungweli lisasanduke bwana wa masukulu.

Tiyeni titenge katswiri wothandiza ana ovutika kulankhula. Tinene kuti zigawo zitatu zoyandikana zikumufuna, koma palibe chimene chili ndi ntchito yodzaza sabata yonse. BOCES ndi imene imamulemba ntchito, kumulipira, ndi kuona za inshuwalansi yake ya kuchipatala ndi penshoni. Kenako imagawa masiku asanu: awiri kuno, awiri uko, limodzi kwina. Pa pepala amalemba 0.4, 0.4 ndi 0.2, ndipo chigawo chilichonse chimalipira gawo lake la malipiro, mafuta a galimoto ndi ntchito yoyang'anira. Chigawo chimodzi sichiloledwa kutenga masiku oposa atatu pa sabata a mphunzitsi woyendayenda wotere. Chikamufuna kuposa pamenepo ndiye kuti chikufunika kulemba wakewake. Lamulo lina n'lakuti ntchito iliyonse igawanidwe ndi zigawo ziwiri kapena kuposerapo, ndipo mgwirizano wake uvomerezedwe ndi dipatimenti ya maphunziro ku Albany, likulu la boma la New York.

Kalendala yake ndi yolimba. Pofika pa 1 February zigawo zimakhala zitanena zimene zikufuna chaka chotsatira, BOCES n'kuwerengera mtengo wa ntchito iliyonse. Mu April mabodi a zigawo amavotera bajeti yoyendetsera ofesi ya BOCES. Pofika pa 1 May chigawo chilichonse chimatsimikiza zimene chigule, ndipo chaka cha ndalama chimayamba pa 1 July. Ndalama zikatsala pakutha pa chaka zimabwezedwa ku zigawo.

Chimene chimakopa zigawo kwenikweni si chikondi cha pa mnansi, achimwene, koma ndalama. Boma limabweza gawo la ndalama zimene chigawo chawononga pogula ntchito zambiri kudzera ku BOCES, ndipo chigawo chosauka chimabwezeredwa gawo lokulirapo. Koma ndalamazi zimabwera chaka chotsatira. Choncho chigawo chimene chikuyamba kugula ntchito yatsopano chimayenera kupirira chaka choyamba ndi ndalama zake zokha, ndipo mabodi a kumidzi akhoza kugwa mphwayi pomwepo. Ntchito za ana olumala zokha zili ndi njira yawoyawo ya thandizo la boma, sizidutsa m'thumba limeneli.

Kupatula aphunzitsi oyendayenda, ntchito imene makolo amaidziwa kwambiri ndi ya maluso a manja. Sukulu ya ana 200 singagule makina owotcherera zitsulo, zida zokonzera galimoto kapena khitchini yophunzitsira kuphika. BOCES imamanga malo amodzi, ndipo ana a makalasi awiri omaliza a sekondale amakhala theka la tsiku ku sukulu yawo, theka linalo basi n'kuwapititsa kumeneko. Palinso kugula pamodzi: mapepala, mafuta otenthetsera makalasi m'nyengo yozizira, chakudya cha ana. Zigawo zikaphatikiza maoda awo, ogulitsa amatsitsa mtengo. Za makompyuta, malipiro a antchito ndi kaundula wa ana zimayendetsedwa ndi malo 12 otchedwa Regional Information Centers. Akatswiri a zoterezi ndi amenenso amathandiza zigawo kulemba mafomu a E-rate, ndondomeko ya boma lalikulu imene inabwera ndi lamulo la 1996, yomwe imachotsera masukulu pakati pa 20 ndi 90 peresenti ya mtengo wa intaneti. Mafomu ake ndi otopetsa, ndipo mlembi mmodzi wa ku chigawo chaching'ono akaphonya tsiku lomaliza, kuchotsera kwa chaka chonse kukhoza kupita.

Tsopano zovuta. Choyamba ndi msewu. Pa pepala 0.2 ndi tsiku lathunthu, koma ngati katswiri agawa tsiku limodzi pakati pa masukulu awiri otalikirana ulendo wa mphindi 45, nthawi imeneyo yadyedwa ndi galimoto ndipo wina ayenera kuilipira. N'chifukwa chake odziwa ntchito amagawa masiku athunthu osati maola. Chipale chofewa chikatseka sukulu Lachiwiri, ana amene amaonedwa Lachiwiri lokha ataya sabata yonse, ndipo kupeza mpata wobwezera n'kovuta poti masiku enawo ali ndi eni ake. Ndandanda za masukulu nazo zimasemphana. Kumalo a maluso, chigawo chimodzi chikakhala pa tchuthi chinzake chikuphunzira, mphunzitsi amabwereza phunziro lomwelo, ndiye zigawo zimakakamizika kugwirizana kalendala imodzi.

Vuto lalikulu, mwa kuona kwanga, ndi la chigawo chotuluka. Mtengo wa ntchito umagawidwa kwa amene akugula. Chimodzi mwa zigawo zitatu zija chikasiya, katswiri akufunikabe malipiro ake onse, ndiye ziwiri zotsalazo zimakwezeredwa mtengo kapena ntchito yake imadulidwa, iye n'kukafuna kwina. Tsiku lotsimikiza la pa 1 May lija limathandiza kupewa zimenezi. Palinso kudandaula kwa aphunzitsi aakulu kuti munthu amene akugwira ntchito m'sukulu yawo bwana wake ali kwina. Mgwirizano wabwino umalemba poyera kuti amayesa ntchito yake ndani, akadwala amauza yani, ndipo chipinda chogwiriramo ntchito apereke ndani.

Maboma ena ali ndi zofanana koma maina ena. Texas ili ndi malo 20 otchedwa Education Service Centers, Pennsylvania ili ndi ma Intermediate Unit 29, ndipo Iowa ili ndi ma Area Education Agency 9. Ku Iowa kunali mkangano waukulu mu 2024 pamene bwanamkubwa Kim Reynolds anasaina lamulo lopatsa zigawo ufulu wogwiritsa ntchito kwina gawo la ndalama zimene kale zinkapita mwachindunji ku mabungwewa. Anthu a kumidzi ankaopa kuti zigawo zikuluzikulu zikatulutsa ndalama zawo, mtengo udzakwerera zing'onozing'ono, lomwe ndi vuto la chigawo chotuluka lija koma pa boma lonse.

Inu mukaganiza za ma TDC athu, malo aja osuliramo aphunzitsi, ndi a PEA, alangizi amene amayendera masukulu a m'zoni, muona kufanana pang'ono. Kusiyana n'kwakuti a PEA amatumidwa ndi unduna, pamene ku BOCES sukulu ndi kasitomala amene amasankha, kulipira, ndipo akhoza kukana. Ngati m'zoni mwanu mukufuna kuyesa kugawana mphunzitsi wa ana osaona kapena osamva, yambani ndi kulemba masiku ake, wolipira thiransipoti, ndi tsiku limene sukulu singathenso kubwerera m'mbuyo.

Mupereke moni kwa alamu ndi onse kumudzi, ndipo mundiuze momwe mvula yayambira chaka chino.

Ndine bwenzi lanu.