Kwa Mariamu, ku Joni

Mnzanga Mariamu,

Kalata yako yandipeza, nsapatonso zafika, koma n'zothina. Wayiwala phazi langa, kapena ku Johannesburg mapazi amafota ndi chisanu? Ndampatsa Asiyatu, mwana wa mchemwali wanga, ndipo nkhani yanga lero ndi ya iyeyo.

Mwana uja za unamwino akuti basi, akufuna kukhala wazisudzo wa pa kanema. M'nyumba muno mtendere unatha. Ukamutuma usipa kumsika, amayamba waima pagalasi n'kumayeserera kulira. Dzulo nsima yapserera iye ali kalikiliki "kumwalira" pakhonde, mpaka Abiti Jafali anatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja, kuyesa kwagwa zovuta.

Ukamufunsa, dzina ndi limodzi, Joyce Mhango Chavula. Sindinganame, mayi ujanso analimba mtima. Anasiya ntchito yolandira pamwezi n'kuyambitsa gulu lake la Rising Choreos, kuchoka pa siteji kulowa m'mafilimu, kutsogolera yekha, kuseweramonso yekha. Mu 2016 filimu yake ija yotchedwa Lilongwe inatenga mphoto ya Africa Magic ku Lagos, yoposa onse kuno kummwera kwa Africa. Tinanyadira, nanga tikanatani? Ukati uyankhe, Asiyatu wakuponyera kale Lily Banda, woimba uja tinadzamuona pa Netflix mu 2019, mu filimu ya William Kamkwamba yomwe anakajambula ku Kasungu.

Koma iwe tandiuza, kuno ku Mangochi ndani anagulapo filimu ya Chimalawi ndi ndalama yooneka? Tonsefe timapita kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni aja, kusiya kachenji, wosewera mwiniwake osaona ngakhale ya sopo. M'mavidiyo a kwa M'baluku ana amadzazana kuonera nkhonya za ku China zomasulira m'Chichewa. Ndiye mwana wa mchemwali wanga adzadya chiyani, chikho? Usiku ndimagona n'kumamuona ali ku Blantyre, lendi yamukwana, akudikira foni ya wojambula amene analonjeza kuti adzalipira filimu ikagulidwa. Tulo osabwera, kutenthaku n'kumawonjezera.

Amalume ake vuto lawo ndi lina. Akuti mkazi amene lero wakwatiwa ndi uyu pa TV, mawa ndi uyo, adzamufunsira ndani? Zimenezo ine ndimangoseka. Chondipweteka n'chakuti mwanayo luso ali nalodi. Akayamba kutengera mayendedwe a Che Saidi pochokera ku mzikiti, ngakhale mayi ake amene akumuletsawo amagwira nthiti.

Iii, ndikanaiwala, Patuma anabereka mapasa, onse ali bwino. Mbuzi ija inabedwa.

Asiyatu akuti ndikupemphe umufunsire ngati kumeneko amalemba anthu ongodutsa kumbuyo m'masewero a pa TV. Usamuyankhe msanga chonde, ayambe walemba MSCE. Magetsi azimanso, udzudzu wandipeza, ndipo za ndalama ya chiperegani ija ndidzakuuza tsiku lina.